Zipolopolo za Phula: Mwana wa Njoka ndi Njoka Basi

M'chaka cha 1908, pa nthawi ya masewera a Olympics mumzinda wa London, anthu anaonerera zachilendo. Amuna awiri anaima moyang'anizana, aliyense atavala jasi lokhuthala ndi chisoti chophimba nkhope yonse, chokhala ndi galasi lolimba pamaso. M'manja anali ndi mfuti zazing'ono, zokhala ndi chitsulo chotchinjiriza zala. Wolamula atapereka chizindikiro, anawomberana. Palibe amene anagwa ndipo magazi sanaoneke, chifukwa zipolopolo zawo zinali za phula. Mpikisanowu unali wongoonetsa, wopanda mendulo, ndipo sunakhalitse. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, kuwomberana kunasiya kuseketsa anthu.

Koma phula silinachoke m'mfuti. Ife amene tinakulira m'timanyumba ta vidiyo, titapanikizana pa mabenchi, timadziwa mfuti ya kauboyi ngati chinthu chogwetsa munthu pa hatchi. Nditafika ku America ndinapeza madala ndi amayi ovala zipewa zomwezo, mfuti zomwezo m'chiuno, akuwombera phula Loweruka lonse, madzulo n'kubwerera kwawo onse ali moyo. Ambiri mwa iwo zipolopolozo amakonza okha kunyumba. Ndi nzeru yabwino, ndipo yapulumutsa miyendo ndi matumba a anthu ambiri. Komabe ndikaona mbiri yake ndimatsimikiza chinthu chimodzi: ngozi ya chipolopolo chofooka ili m'kufooka kwakeko, chifukwa ndiko kumagoneka munthu tulo.

M'kati mwa chipolopolo

Chimene timachitcha chipolopolo chili ndi ziwalo zinayi. Pali chikhokhombe cha mkuwa, chija apolisi amatola pansi pamalo pamene pachitika umbanda. M'kati mwake muli wonga. Kutsogolo kuli mutu wa mtovu, umene umauluka kukalasa. Kumatako kuli kachitsulo kozungulira, kakang'ono kuposa batani la malaya, kotchedwa primer. Kachitsuloka kali ndi mankhwala ophulika akamenyedwa. Munthu akakoka chowombera, nyundo ya mfuti imamenya primer, primer imatulutsa lawi, lawi limayatsa wonga, ndipo mpweya wa wonga woyakawo ndi umene umakankha mutu uja mumpope wa mfuti.

Mphamvu yaikulu imachokera ku wonga. Ukauchotsa, primer payokha imatsala ndi kamphamvu kochepa, kosakwanira kuponya mtovu patali koma kokwanira kuponya chinthu chopepuka. Nzeru yonse ya zipolopolo zophunzirira yagona pamenepa. M'malo mwa mtovu amaikamo phula, pulasitiki kapena labala, ndipo wonga saikamo n'komwe.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mutu wa mtovu wa mfuti ya kauboyi yotchedwa .45 Colt umalemera pafupifupi magalamu 16. Wa phula wolowa m'mfuti yomweyo umangopitirira pang'ono galamu imodzi. Wa mtovu umapyola chitseko cha thabwa n'kuvulaza munthu ali kuseri. Wa phula ukagunda chitsulo umaphwanyika. Koma musati umayenda pang'onopang'ono. Umatuluka mumpope pa liwiro loposa mamita 150 pa sekondi imodzi, ndipo pa liwiro limenelo ngakhale phula limang'amba khungu ndi kuphulitsa diso.

Nzeru yakale ndithu

Amene anayambitsa mfuti zowombera m'nyumba ndi Mfalansa wina wosula mfuti, Louis-Nicolas Flobert, m'chaka cha 1845. Iye anatenga kachitsulo koyatsira wonga, n'kuikapo kamutu ka mtovu kakang'ono kwambiri, popanda wonga. Anthu olemera a ku Paris anayamba kuwombera chandamale m'zipinda zochezera akatha kudya mgonero. Ku Germany nako kunabadwa mfuti zofanana nazo zotchedwa Zimmerstutzen, zimene magulu a owombera ankapikisana nazo m'nyumba nthawi ya chisanu, kunja kukazizira. Kachipolopolo ka Flobert ndiye kholo la chipolopolo chaching'ono cha .22 chimene kampani ya Smith & Wesson inatulutsa mu 1857, chomwe mbumba yake ikugulitsidwabe mpaka lero.

Asilikali a ku America nawo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ankaphunzira kuloza m'nyumba zosungira zida pogwiritsa ntchito zipolopolo za wonga wochepa ndi mutu wopepuka. Zifukwa zake zinali ziwiri, ndipo ndi zomwezo mpaka lero: ndalama ndi malo. Chipolopolo chenicheni n'chodula, ndipo chimafuna bwalo lalitali lokhala ndi chulu chadothi kumapeto kwake.

Za phula zinadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi dokotala wa ku France dzina lake Devillers. Pa nthawiyo ku France amuna akanyozana ankaitanirana kukawomberana mbandakucha pamaso pa mboni, kuti achotse manyazi. Dokotalayo anakonza chipolopolo choti munthu aziphunzirira mkangano wotere popanda kupha mnzake, ndipo kampani ya Piot-Lepage ya ku Paris inayamba kusula mfuti zake. Kuphunzirako kunasanduka masewera, ndipo ndi amene anakafika ku London mu 1908. Taonani kuti ngakhale eni ake oyambitsawo sankadalira kufewa kwa phula. Ankabisa nkhope, chifuwa ndi zala.

Akauboyi a Loweruka

Kumene phula linapeza mudzi weniweni ndi ku America, ndipo analiitana ndi mafilimu. M'zaka za m'ma 1950 ma TV a kumeneko anadzaza ndi nkhani za akauboyi. Gunsmoke, imene inayamba kuonetsedwa pa TV mu 1955, inali imodzi mwa izo. Anyamata anayamba kutsanzira kusolola mfuti m'chiuno mwachangu. Munthu wina wochita masewera oonetsa alendo pa Knott's Berry Farm ku California, Dee Woolem, ndi amene amatchulidwa kuti anasandutsa zimenezi kukhala mpikisano woyezedwa ndi wotchi. Vuto linali lakuti ena ankayeserera ndi zipolopolo zenizeni. Mfuti ya kauboyi imafuna kuti ukoke nyundo ndi chala chachikulu usanawombere, ndipo munthu wothamangira kupambana amakoka nyundoyo mfuti isanatuluke bwino m'chikwama chake. Chala china chikafulumira pang'ono, chipolopolo chimalowa m'ntchafu kapena m'phazi la mwini wake. Madokotala anasoka miyendo yambiri, mpaka magulu a masewerawa analetsa zipolopolo zenizeni.

Lero bungwe lodziwika kwambiri pa masewerawa ndi Cowboy Fast Draw Association, limene linayamba mu 2002. Mpikisano wake waukulu, Fastest Gun Alive, wakhala ukuchitikira ku Fallon m'chigawo cha Nevada. Mfuti zololedwa ndi mavolovolo a .45 a kapangidwe ka m'zaka za m'ma 1800, ndipo zipolopolo ndi za phula zokhazokha. Aliyense amavala monga ankavalira anthu a nthawi imeneyo ndipo amadzipatsa dzina lapabwalo.

Kupikisana kwake kuli motere. Anthu awiri amaima mbali ndi mbali, osati moyang'anizana, aliyense ndi chandamale chake. Chandamale ndi chimbale chachitsulo chachikulu masentimita 61, choikidwa pa mtunda wa mamita 6.4, ndipo pakati pake pali kanyali. Pachimbalepo amapakapo girizi woyera kuti phula likagunda lisiye chizindikiro. Wolamula akanena kuti konzekani, dzanja limakhala pa mfuti koma chala sichiyandikira chowombera. Kanyali kamayaka pa nthawi imene munthu sangailote. Kakangoyaka, amasolola, kukoka nyundo, kuwombera ali chigwirire mfuti m'chiuno, ndipo wotchi ya magetsi imaima phula likagunda chitsulo. Akatswiri amachita zonsezi m'nthawi yosakwana theka la sekondi, ena kufika cha m'ma 0.3. Kuphethira kumodzi, zatha. Koma changu chopanda kulasa sichiwerengedwa. Munthu wochedwerapo amene walasa amagonjetsa wachangu amene waphonya, ndipo ndaona agogo aakazi akutulutsa anyamata mumpikisano mwa njira imeneyi, anthu n'kufa ndi phwete.

Chimene chinandigwira mtima pabwalo lotere si changu ayi, koma ukali wa malamulo. Aliyense, ngakhale wongoonerera, amavala magalasi otchinjiriza maso. Chipolopolo chenicheni sichiloledwa kufika pamalopo, ngakhale chili m'thumba la buluku. Mfuti sailowetsa zipolopolo mpaka wolamula atanena, ndipo kumbuyo kwa wowombera aliyense kumaima munthu woyang'ana dzanja lake. Ambiri amamangirira kachitsulo kunsi kwa chikwama cha mfuti kuti phula likathawa lipatuke, lisalase mwendo. Bambo wina wachikulire amene ankandilongosolera zimenezi anapinda buluku n'kundionetsa chipsera pamwamba pa bondo. Ndinafunsa kuti, "Bambo, ndi phula lomweli?" Iwo anangogwedeza mutu n'kutsitsa buluku.

Chimene amavutikira

Ku America lamulo la boma lalikulu limalola munthu kudzipangira zipolopolo zogwiritsa yekha ntchito, malinga ngati ali munthu wololedwa kukhala ndi mfuti. Akafuna kugulitsa ndiye amafunika chiphaso. Choncho anthu ambiri ali ndi tebulo m'galaja pamene amabwezeretsa zikhokhombe zakale. Kwa oterewa za phula ndi zosavuta kuposa zina zonse, popeza mulibe wonga woti ayeze. Phula lake limagulitsidwa lokonzakonza m'matumba, ena amaumba okha. Kampani ya Speer ya ku Lewiston, Idaho, inatulutsanso mitu ya pulasitiki yokankhidwa ndi primer yokha, yoti ukawombera pa nsalu yolendewera umaitola n'kuigwiritsanso ntchito. Mu 2020 ndi 2021, zipolopolo zitasowa m'masitolo a ku America pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ambiri anakumbukira njira zakalezi, ngakhale kuti ma primer nawo anasowa n'kukwera mtengo.

Phindu lake n'loonekeratu. Mtengo ndi wotsika, phokoso ndi lochepa, ndipo mfuti siigunda m'manja. Wophunzira amatha kuika maganizo pa kagwiridwe, kaimidwe ndi kakokedwe ka chala popanda mantha aja amene amachititsa munthu kutsinzina mfuti isanalire.

Zoperewera zake ziliponso. Phula limalasa molondola pafupi pokha. Pa mtunda wotalikirapo mphepo imalitenga. Malo amene limagwera pa chandamale amasiyana ndi a chipolopolo chenicheni, ndiye munthu wozolowera phula amadabwa tsiku limene wagwira chenicheni. Limayenda bwino m'volovolo, mfuti ya gudumu lozungulira ija, koma m'pisitolo zamakono ngati zimene apolisi amanyamula mphamvu yake siikwanira kukankha chitsulo cham'mwamba kuti chilowetse chipolopolo chotsatira. Limasiyanso zotsalira mumpope, zimene ziyenera kuchotsedwa mfutiyo isanalandire chipolopolo chenicheni. Ndipo zikhokhombe za phula zimakhala zosinthidwa kumatako, moti ukaiwala n'kuthiramo wonga ukhoza kuphulitsa mfuti m'manja mwako. N'chifukwa chake anthu osamala amazipaka utoto ndi kuzisunga m'bokosi lakelake, kutali ndi zinazo.

Palinso ena amene safuna phula koma amangochepetsa wonga m'chipolopolo cha mtovu. Awa ndiye amayenda pamphepete pa phompho. Wonga wochepa umasiya malo ambiri m'chikhokhombe, ndipo munthu wosokonezedwa ndi foni kapena mwana akhoza kuthira kawiri osazindikira, mfuti n'kung'ambika. Akathira wochepa kwambiri, kapena akaiwala kuthira, mutu wa mtovu umanyamuka n'kutsakamira pakati pa mpope. Wowombera amangomva kaphokoso kofooka. Akapanda kuima n'kuyang'ana, chipolopolo chotsatira chimapeza njira yotsekeka.

Tsiku limene kufooka kunapha

Palibe M'malawi wa msinkhu wanga amene sadziwa Bruce Lee. Koma si onse amadziwa chimene chinapha mwana wake, Brandon Lee, pa 31 Malichi 1993, akujambula filimu yotchedwa The Crow mumzinda wa Wilmington ku North Carolina.

Ojambula filimu amagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya zipolopolo zabodza. Wina umaoneka ngati weniweni, uli ndi mutu, koma ulibe wonga ndipo primer yake ndi yakufa. Umenewu ndi wongoonetsa kamera ikayandikira. Mtundu wachiwiri uli ndi wonga ndi primer koma ulibe mutu, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa phokoso ndi lawi. Pa filimuyi, m'malo mogula za mtundu woyambawo, ogwira ntchito anapanga okha. Anatenga zipolopolo zenizeni za .44 Magnum, anazula mitu, anataya wonga, n'kubwezera mituyo. Koma primer ya chimodzi inatsala yamoyo. Nthawi ina wina anakoka chowombera, ndipo kamphamvu ka primer kanakankha mutu wa mtovu kulowa mumpope, mmene unakakamira. Palibe anayang'ana.

Patapita masiku, mfuti yomweyo inalowetsedwa chipolopolo cha mtundu wachiwiri. Mutu unali kale mumpope, wonga unabwera pambuyo pake. Zinthu ziwiri zimene aliyense ankaziyesa zopanda ngozi zinakumana n'kupanga chipolopolo chathunthu. Wosewera mnzake, Michael Massee, ataloza n'kuwombera monga mwa sewerolo, mtovu unalowa m'mimba mwa Brandon Lee. Madokotala analimbana naye maola angapo koma anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 28. Palibe amene anazengedwa mlandu wakupha, ndipo filimuyo inatuluka mu 1994.

Zaka zoposa zisanu ndi zitatu izi zisanachitike, mu Okutobala 1984, wosewera wina, Jon-Erik Hexum, anatopa ndi kudikira pamalo ojambulira sewero la pa TV lotchedwa Cover Up. Mwanthabwala anagunditsa mfuti pamutu pake n'kukoka chowombera, podziwa kuti chipolopolo chake chinalibe mutu. Mphamvu ya mpweya yokha inaswa fupa la mutu n'kulikankhira mu ubongo. Anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi ali ndi zaka 26.

Anthu awiriwa sanaphedwe ndi mdani. Anaphedwa ndi mawu akuti "ichi n'chabodza, chilibe kanthu". Akuluakulu anati mwana wa njoka ndi njoka, ndipo mawuwa akukwanira bwino pano. N'chifukwa chake lamulo loyamba pa bwalo lililonse la mfuti, la phula kapena la mtovu, ndi limodzi: mfuti iliyonse uiyese yodzaza, ndipo usaloze chinthu chimene sukufuna kuchiwononga.

Poizoni wa m'galaja

Pali ngozi inanso imene siimveka phokoso. Anthu ambiri amaganiza kuti akachotsa mutu wa mtovu ndiye kuti mtovu watha. Sichoncho. Ma primer ambiri ali ndi mankhwala opangidwa ndi mtovu, ndipo primer ikaphulika mtovuwo umatuluka ngati utsi ndi fumbi losaoneka. Pabwalo la panja mphepo imaumwaza. M'galaja yotseka umalowa m'mapapo, umatera pansi, pa zovala ndi pa manja. Popeza phula limakopa munthu kuwombera m'nyumba, ndipo ndi lotchipa moti amawombera kambirimbiri, fumbilo limaunjikana.

Amene amavutika kwambiri ndi ana, amene amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Mtovu umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Makutu nawo sapulumuka. Primer yokha imalira mokwanira kugonthetsa munthu pang'onopang'ono, makamaka pakati pa makoma anayi.

Ndi chifukwa cha zonsezi kuti ambiri masiku ano amaphunzira popanda chophulika chilichonse. Ena amalowetsa m'mfuti kachipangizo kotulutsa kuwala kwa laser, kamene kamaonetsa pakhoma kapena pa foni pamene ukanalasa. Ena amagwiritsa ntchito mfuti za mpweya. Izi si zoseweretsa ana, chifukwa pa Olympics pali mpikisano wa mfuti ya m'manja ya mpweya pa mtunda wa mamita 10, ndi timitu ta mamilimita 4.5. Apolisi ndi asilikali m'maiko ambiri amaphunzira kumenyana ndi zipolopolo za utoto monga za Simunition za ku Canada, koma amayamba asintha ziwalo za mfuti kuti chipolopolo chenicheni chisathe kulira, ndipo amavala zophimba nkhope ndi khosi, monga ankachitira anzathu aja a dokotala Devillers.

Nanga kwathu?

Zambiri zimene ndafotokozazi zimachitika ku America, dziko limene malamulo ake a mfuti ndi osiyana kwambiri ndi athu ndi a maiko ena. Ku Britain, ana asukulu ataphedwa ku Dunblane mu 1996, boma linaletsa pafupifupi mfuti zonse za m'manja chaka chotsatira. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limalola mwini chiphaso yekha kudzidzazira zipolopolo za mfuti yake, ndipo limaika malire: zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera. Kwathu ku Malawi, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chochokera kupolisi ndi mlandu, ndipo kupanga n'koposa apo. Wapolisi akakupezani ndi chikhokhombe chokhala ndi primer yamoyo, mawu akuti "ndi phula chabe" mukawanenera kukhoti.

Komanso sitifunika kupita ku Nevada kuti tidziwe ngozi ya zida zopanga tokha. M'midzi yoyandikana ndi nkhalango anthu amadziwa gogodela, mfuti yosulidwa ndi mpope wamba, yothiridwa wonga mongoyerekeza ndi maso. Amadziwanso alenje amene gogodela inawaphulikira n'kuwasiya opanda zala kapena diso. Masiku ano anyamata athu akuona mavidiyo pa intaneti a azungu akuumba zipolopolo pa tebulo akumwetulira. Vidiyo siionetsa chiphaso chili m'kabati, makina otulutsa utsi padenga, buku la miyezo, kapena chipatala chimene chili pafupi.

Masewera a phula ndi okoma kuonerera, ndipo anthu amene amawachita bwino ndimawalemekeza, chifukwa chida chawo amachiopa ngakhale chitafooketsedwa. Ngati ntchito yanu imafuna mfuti, phunzirani pansi pa mlangizi wovomerezeka, ndi zipolopolo za kufakitale. Ngati mwatola chipolopolo kumunda kapena m'katundu wa malemu, musachitsegule, musachimenye, musachiponye pamoto. Chotsanipo ana, ndipo kauzeni apolisi kapena amfumu tsiku lomwelo.